Kabokosi ka Zilembo Makumi Asanu

Ku khonsolo Bambo Shawa anati:
bwalo limodzi lisakhale ndi mayina atatu.
A zamasewera akulitcha Bwalo la Mchini,
a zamalo akuti ndi Puloti 412,
a zaumoyo, amene amabayirapo ana katemera,
amangoti Pamtondo.
Pita ukaliyeze, ulipatse nambala imodzi,
kuti mapu athu ndi a ku Lusaka
azimvana akamalankhula.

Ndinakwera njinga ya kabaza,
kamakina m'thumba, fomu pa foni,
mafunso ake omwewo paliponse:
dzina, mtundu, m'litali, m'lifupi,
pansi pake n'chiyani, mwini wake ndani.

Pa Mchini ndinazungulira bwalo wapansi,
kamakina kakusiya timadontho m'mbuyo mwanga
ngati thumba la mpunga lobooka.
Tikambenji, goloyi wopanda nsapato, anandiseka:
Mwabwera mu Okutobala, asisi.
Mvula ikagwa, ngodya iyo ndi ya Amai Zelipa,
amadzalapo chimanga,
ife kona timamenyera pachitsa paja.
Fomu inalibe funso la nyengo.
Pa "pansi pake" inandipatsa zitatu: phula, udzu, dothi.
Ndinayang'ana fumbi, zitsekerero za mabotolo,
chikhadabo cha wina chimene chinatsala m'chigoli,
ndinasankha dothi.

Njira yokwera phiri la Kanjala
ndinaiyamba kusanache.
Patsogolo panga amai atatu a mipango yoyera
akukapemphera pamwala wa pamwamba,
m'mbuyo wankhonya wina akuthamanga, akumenya mphepo,
Lekani akutsika kale kumiyala yake, hamala paphewa.
Fomu ikuti: ndi yoyendamo, yothamangamo, kapena yanjinga?
Sankhani chimodzi.
Yogwadamo palibe.
Yofunira chakudya cha ana palibenso.

Ku Kalongwezi buku lakale likuti
pakiyo ili ndi akatungwe anayi.
Ndinapeza zitsulo ziwiri, unyolo umodzi,
kuunyoloko atamangako mbuzi.
Koma kuseri, pamtengo wa mango,
kamtsikana kakuuluka pa tayala lachingwe,
mapazi ake akukankha masamba.
Ndilembe anayi? Ndilembe ziro?

Pamlatho wa Lunkhwakwa ndinaima nthawi yaitali,
foni ikulemera m'manja.
Ndiye ndinakumbuka ku Magazini
kumene ndinaphunzirira netibolo.
Linali bwalo la aliyense, losalembedwa m'buku lililonse.
Tsiku lina tinadzuka n'kupeza mabikoni a simenti,
bambo wa tayi anatambasula mapu pa boneti
natiloza poyera: mukuona? apa palibe kanthu.
Tinali titaimapo anthu khumi ndi anayi
pamalo opanda kanthuwo.
Lero pali mpanda wa njerwa, pamwamba mabotolo osweka,
pomwe ndinkaponyera mpira pamauwa galu.

Choncho ndimalemba.
Fumbi la Mchini ndalitcha BW-017,
dzina lozizira, losayimbika m'nyimbo ya ochemerera,
koma kompyuta ya ku Lusaka ikaliona
ndi ya kuno ikaliona
zonse zidzati: apa pali kanthu,
kayambira apa, kathera apo,
chotsani bikoni yanu.
Mamita ndi mamita, osati mapazi a Shawa lero,
mawa mapazi anga aafupiwa.

Pansi penipeni pa fomu pali kabokosi ka ndemanga,
kamalandira zilembo makumi asanu basi.
M'menemo ndimapanikiza zonse zotsala
ngati wokwera minibasi womaliza.
Pa Mchini: Ngodya yakummawa ndi munda nthawi ya dzinja.
Pa Kanjala: Pamwamba amapemphera, musasokose.
Pa Kalongwezi ndinayamba bwinobwino:
Katungwe mmodzi wa tayala anamanga ndi bambo ake a
pamenepo zilembo zinatha,
kabokosi kanatseka pakamwa dzina lisanalowe.

Ndi Msanide.
Mano awiri akutsogolo anamugweka sabata yatha.
Ndamulemba pano,
poti pano malo akadalipo.